Gologolo ndi Phungu wa Mtedza Umodzi

Padangokhala, kalekale, nthawi imene ine ndinali ndi mano makumi asanu ndi limodzi m'kamwamu, nyama nazo zinkachita chisankho. Amene sali nane atuluke, chifukwa izi sindidachite kumva, ndidaziona ndekha, ndipo diso langa lakumanzereli linkaona nsabwe pamutu pa munthu wa ku Dedza ine nditakhala ku Kasungu.

Dera lililonse linkasankha phungu wokaliyankhulira ku Bwalo Lalikulu, kumene wapampando anali a Njati. Kavotedwe kake kanali kosavuta. Nyama iliyonse inkalandira mtedza umodzi wosaswa, n'kukauponya mumphika wa amene yamukonda.

Tsono ku dambo la Kachitsa chisankho chidagwa pa tsiku loipa. M'mawa momwemo ngumbi zidatuluka. Osati tingumbi tamasiku anoti ayi, ngumbi iliyonse inali ngati nkhunda. Ndani akanapita kukaima pamzere? Aliyense adatenga lichero lake, mtedza wake uja n'kupatsira Gologolo, poti ndiye anali wa miyendo yopepuka.

"Ukatiponyereko, mlamu."

"Mumphika wa yani?"

"Uliwonse umene uli pafupi. Onsewo ndi amodzi."

Ngakhale a Njiri ndi a Nyani, amene ankapikisana nawo pa chisankhocho, adamupatsira wawo n'kuthamangira kuchulu. Gologolo adanyamuka ndi thumba lodzaza tho. Panjira adati alaweko umodzi, aone ngati sunali wofumbwa. Adakwera mumtengo mwake kuti alawe bwino. Pamene dzuwa linkapendeka, thumba linali pepuu. Adatsika, napukuta pakamwa, nauza anzake kuti zonse zayenda bwino. Palibe adafunsa kuti wapambana ndani. Iyenso sadafunse.

Zidapita zaka zinayi.

Mkazi wa Gologolo, dzina lake Nangozo, adachira ana atatu m'mphako ya mtengo wouma womwe uja, nalowa m'chikuta. Mwambo mukuudziwa. Mayi ndi khanda satuluka m'chikuta mchombo usadagwe, ndipo bambo salowamo, amangofunsira panja. Masiku asanu ndi atatu amenewo sadumphika.

Tsiku lachiwiri lake kudadutsa Nang'omba, mesenjala wa Bwalo, akulengeza kuti moto wotentha tchire chaka chimenecho uyambira ku Kachitsa pakatha masiku asanu, mame akangouma, kuti nyama zikuluzikulu zipeze msipu msanga. Gologolo adawerenga zala. Adawerenganso. Moto ukubwera ana akadali m'chikuta, mumtengo wouma, maso asadatseguke n'komwe.

Adathamangira kwa anzake. Adapeza a Ntchenzi ndi a Nkhwali ali pa bawo.

"Mwamva zimene wanena Nang'omba?"

"Tamva mbalame ikulira," adatero Ntchenzi, maso ali pa nkhomo.

"Akuti moto uyambira kuno."

"Moto umabwera chaka ndi chaka. Za ku Bwalo n'za akuluakulu, mlamu. Ife n'chiyani?"

"Ine ndili ndi chikuta kwathu."

"Pepa ndithu. Takatani, a Nkhwali, mwagona?"

Gologolo sadamuuze Nangozo kanthu, paja mantha amaumitsa mkaka. Adangoti apite yekha ku Bwalo akadandaule. Panjira adapeka nyimbo. Inali nyimbo yofunsa kuti pakamwa pa Kachitsa adanyamula ndani, ndipo kumapeto kwake inkabwereza dzina la dambolo katatu, monga amaitanira munthu mbuzi yosochera. Mbalame za m'njira zinkavomera kuti nazo sizikudziwa.

Pachipata cha Bwalo panali mlonda, Sajeni Nungu. Lamulo lake linali limodzi lokha. Wofuna kulowa atchule phungu wake. Wolakwitsa alandira munga umodzi kumatako.

"Wachokera kuti?"

"Ku Kachitsa, bwana."

"Phungu wako ndani?"

Gologolo adakumbukira kuti pa kampeni a Njiri adagawa mchere. Munthu wogawa mchere angalephere?

"A Njiri."

"A Njiri adasamuka chaka cha chisankho chomwecho. Ali pa chikamwini kutsidya, akulimira apongozi. Tembenuka."

Munga uja udalowa, ndipo kulira kwake ndidakumva ine ndili pamaliro ku Mchinji.

M'mawa mwake adayamba wafunsa. Adapita pa bawo paja.

"A Nkhwali, inu mumadziwa zinthu. Phungu wathu ndani?"

"Funso lake limenelo? Ndi a Nyani. Nyimbo yawo ya kampeni ndikadaikumbukabe, tidavina mpaka fumbi koboo."

"Mukutsimikiza?"

"Ndikadakhala wosatsimikiza ndikadanena?"

Gologolo adauyambanso ulendo, akutsimphina pang'ono. Adaimba nyimbo yake ija, koma tsopano mawu anali atatsika, ndipo dzina la dambo lija ankalikoka ngati munthu wodandaula. Mbalame zidavomeranso chimodzimodzi.

"Wabweranso? Phungu wako ndani?"

"A Nyani, bwana."

Nungu adasolola munga wina. "A Nyani tidaika chaka chatha. Iwe wemwe unali m'gulu la adzukulu, ndidakuona ukulimbirana chiwindi kumanda. Tembenukira mbali inayo, ija ikadali ndi bala."

Tsiku lachitatu Gologolo adati za kufunsa zatha, agwiritse mutu wake. Adabwereka jekete kwa Khwangwala, adapaka phulusa kundevu, natenga ndodo. Nyimbo ija adangoiimbira mumtima, poti phungu saimba panjira. Adafika pachipata akuyenda pang'onopang'ono, mimba patsogolo.

"Tsegula, Sajeni. Phungu wa ku Kachitsa ndine."

"Zoona, bwana?"

"Ukundifunsa ine?"

"Ndiye mwalowa kawiri lero. Phungu wa ku Kachitsa wadutsa kale pano mame asadaume. Zaka zinayi zonsezi sadajombepo ndi tsiku limodzi lomwe."

Gologolo adaiwala kuti ndi bwana. "Ndiye kuti alipo? Ndani, bwana Sajeni? Chonde, ndili ndi ana m'chikuta."

Nungu adapukusa mutu, ndipo chisoni chidamugwira ndithu, koma ntchito ndi ntchito. "Ndikuuze ine? Ndidavota ine ku Kachitsa? Tembenuka. Lero iwiri, winawo ndi wa jekete."

N'chifukwa chake mpaka lero simudzaona gologolo atakhala pansi n'kukhazikika. Amangoti khale, nyamu.

Adabwerera kwawo. Kudatsala masiku awiri. Adaima patsinde pa mtengo wake, namva tiana tija tikulira m'mwamba, mawu ang'onoang'ono ngati nkhululu. Nangozo adafunsira mkati kuti kunja kuli bwanji.

"Kuli bwino, mayi wa ana. Gonani."

Tsiku lachinayi adabwereka ng'oma, naiimba pakati pa dambo mpaka nyama zidasonkhana.

"Uthenga wochokera ku Bwalo. Atumiza mtsuko wa uchi, mphatso ya phungu wa ku Kachitsa. Phunguyo abwere kutsogolo."

Abale anga, ndidawerenga ndekha. Aphungu adatuluka mazana atatu ndi mmodzi. Ntchenzi anali phungu. Nkhwali anali phungu. Fulu adati iye wakhala phungu chibadwire. Mbewa ina idabwera ndi supuni.

Gologolo adadikira kuti phokoso lichepe. Kenako adakanda kumutu.

"Pepani, ndasokoneza mauthenga. Uchi ndi wa dera lina. Uthenga wa kuno ndi wakuti Kachitsa sadalambule njira ya ku Bwalo zaka zinayi, ndiye phungu wake akakwapulidwe zikoti makumi awiri m'malo mwa anthu ake. Phunguyo atsale pompano."

Balala. Ngakhale Fulu tsiku limenelo adasiya fumbi. Padangotsala supuni ija.

Gologolo adakhala payekha, atataya mtima. Kenako adaona dothi likutukumuka pafupi ndi phazi lake. Padatuluka mphuno, kenako mano awiri, kenako mayi wokalamba, maso ake tating'ono ngati mapira. Anali a Mfuko, amene ankakhala pansi pa mizu ya mtengo wake womwe. Zaka zonsezi Gologolo ankawadziwa ngati mayi wovuta wounjika milu ya dothi pakhomo pa eni.

"Ndamva kuti mukufuna phungu," adatero a Mfuko. "Ndine ndilipo. Zikotizo akandikwapula liti?"

"Inu, mayi?"

"Ine. Za uchi ndidamva, koma mano angawa safuna zotsekemera. Zikoti ndiye ndabwerera. Zikakhala za anthu anga, msana ulipo."

Gologolo adasowa poyang'ana. "Kulibe zikoti, mayi. Ndimangofuna ndikudziweni."

A Mfuko adaseka, kuseka kosamveka bwino. "Ayi, zikomo ndithu. Zaka zinayi, lero n'koyamba kumva wina akuitana phungu."

"Koma mudapambana bwanji?"

"Ndi mtedza umodzi. Wangawanga. Ndidapita pansipansi n'kukauponya ndekha. Miphika inayo inali mbee."

"Mtedza winawo, mayi, paja unali wofumbwa..."

"Makoko ake ankagwera padenga panga tsiku lonse, mwanawe. Usavutike."

"Nanga za motozi bwanji simudakane?"

"Ndakana katatu. Koma ku Bwalo mawu a phungu amalemera malinga ndi amene aima kumbuyo kwake. Wa kwa a Njovu akaima, kumbuyo kwake kumada bii. Ine ndikayankhula, a Njati amangofunsa kuti, mayi, wakutumani ndani? Ndikacheuka, kumbuyo kwanga kuli mphepo yokha. Ndinkati ndikabwerako ndiitanitse msonkhano ndifotokoze zimene takambirana. Chaka choyamba kudabwera a Fulu okha, nawonso ankafuna mthunzi."

"Mawa mukayankhulenso kachinayi."

"Ndikayankhula. Ntchito yanga ndi yomweyo."

"Kumbuyo ndikonza ine."

Gologolo adayenda khomo ndi khomo masana onsewo, kupempha kuti mawa akaime kumbuyo kwa phungu wawo. Koma bodza la uchi lija linali litamudyera.

"Uchi uja uli kuti?" adatero Nkhwali.

"Akapereka chiyani kumeneko?" adafunsa Fulu. "Mchere ulipo?"

"Kutali, mlamu," adatero Ntchenzi. "Ndiponso mawa tili ndi bawo yaikulu. Ukatiimireko."

Palibe ndi mmodzi yemwe adafunsa kuti phunguyo ndani.

Musawaweruze msanga anthu a ku Kachitsa. Sanali oipa mtima. Ukadwala ankabwera ndi phala, ukaferedwa ankagona pasiwa. Kungoti Bwalo linali kutali, ndipo kuyambira makolo awo palibe chidachokako chimene adachigwira ndi manja. Gologolo ankawadziwa bwino, chifukwa iye anali woyamba mwa iwo. Ankadziwanso chinthu china, kuti munthu amene sanyamuka dambo lonse likamapsa, amanyamuka ukamutengera kanthu kake kakang'ono.

Tsiku la moto lidafika. M'mamawa, mame akadali thoo, Gologolo adafika pa bawo paja. Ntchenzi ndi Nkhwali anali atangoyala nkhomo. Iye adapereka moni bwinobwino, nawerama ngati akuonerera, n'kukokolola nkhomo zonse, phwii m'masaya. Adadumpha kwa Fulu natsomphola kabotolo ka fodya wamphuno. Kwa mayi Nkhanga adatenga mikanda ya m'khosi. Kwa Chule adatenga chipeso, ngakhale Chule alibe tsitsi ndi limodzi lomwe, koma chipesocho ankachikonda kuposa mkazi wake. Adadutsa makomo onse, ndipo paliponse ankaonetsetsa kuti mwini wake wamuona.

Kenako adakwera pachitsa naimba nyimbo yake ija. Chuni chinali chomwecho, koma tsopano sinkafunsa kanthu. Inkatchula katundu aliyense ndi mwini wake, ndipo pamene inkabwereza dzina la dambo katatu, iye ankagwedeza mchira monyoza.

Dambo lonse lidadzuka. Zibonga, misi, makasu, mbewa ija ndi supuni ina. Gologolo adaliyatsa liwiro kulunjika ku Bwalo. Akaona kuti awasiya patali, ankayerekeza kupunthwa kuti asataye mtima. Kawiri konse adaima kumudikira Fulu. Fumbi lake lidaphimba dzuwa, ndipo nkhuku za kwathu zidakalowa m'khola poyesa kwada.

Pachipata Nungu adaimika minga.

"Iwenso? Kumatakoko malo atsala pati? Phungu wako ndani?"

Gologolo adakankhira nkhomo tsaya limodzi nakuwa kuti akumbuyo onse amve. "A Mfuko!"

Nungu adapatuka. "Lowa."

Gulu lija lidafika likupuma wefuwefu.

"Phungu wanu ndani?"

"Tikufuna wakubayo," adatero Ntchenzi.

"Phungu wanu ndani?"

Ntchenzi adangobwereza zimene adamva kwa wakubayo. "Mfuko." Wotsatira naye adati Mfuko. Winayo Mfuko. Ankayesa ndi mawu otsegulira chipata chabe. Adalowa onse.

M'Bwalo muja a Njati anali pampando. Pambali pawo padaima Kabawi, wonyamula moto, chikuni chili m'manja, akungodikira mame aume. Pakati padaima a Mfuko okhaokha, akumaliza kuyankhula.

"Tamva, mayi," adatero a Njati moyasamula. "Mwanena bwino ngati masiku onse. Koma wakutumani ndani?"

Nthawi yomweyo Gologolo adadutsa ngati mphepo nadzipanikiza pansi pa chibwano cha a Mfuko. Omuthamangitsa aja adafika, koma palibe adalimba mtima kudutsa mayiyo n'kukaima maso ndi maso ndi Njati. Adaunjikana kumbuyo kwawo, mizere mizere mpaka kuchipata, zibonga m'mwamba, maso ali psuu.

A Mfuko saona bwino, koma nthaka imawauza zonse. Adamva mapazi mazanamazana kumbuyo kwawo.

A Njati adakhala tsonga. "Inu a chibonga, mwadzatani?"

"Tadzera wakubayo, bwana. Watibera nkhomo za bawo," adatero Ntchenzi.

Aphungu ena adayamba kuseka. Gologolo adaona kuti zikuwonongeka. Adatuluka, nalavula nkhomo zonse pansi, naika pomwepo fodya, mikanda, chipeso ndi zina zonse.

"Nazi zanu, alamu. Mundimenya, ndikudziwa. Koma musadandigwire, tafunsani wapampando kuti chikuni chili m'manja mwa Kabawicho chikupita kuti."

Ntchenzi adacheuka. Adaona utsi.

"Motowo ndi wa kuti, bwana?"

"Wa ku Kachitsa. Tidalengeza."

"Liti?"

"Lero. Mame akangouma."

"Lero lomwe lino?" Chibonga chidatsika. "Ine nkhokwe yanga sindidalambulire."

"Akazi anga akufungatira mazira," adatero Nkhwali, mawu atasintha.

"Ine ndingathawe moto ine?" adafunsa Fulu, amene anali atangofika kumene.

Onse adayamba kuyankhula nthawi imodzi. A Njati adamenya phazi pansi.

"Bwalo silimva phokoso. Limamva phungu. Muli naye?"

A ku Kachitsa aja adayang'anana. Wina adanong'ona za a Nyani, mnzake adamugunda ndi chigongono. Gologolo adaloza ndi mchira.

"Amayiwa?" adatero Nkhwali. "A milu ya dothiwa?"

"Dzina mwatchula pachipata lija ndi lawo."

Ntchenzi adawayang'ana a Mfuko, kamayi kokalamba, dothi lili kumutu, zikhadabo zitatha ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku. Adaika chibonga pansi, nawomba m'manja mwaulemu.

"Tiyankhulireni, mayi."

A Mfuko adayankhula mawu omwe aja adayankhula katatu, osawonjezera ndi limodzi lomwe. Adatchula nkhokwe zosalambulira, ndi eni ake. Adatchula mazira a kwa Nkhwali, kuti alipo asanu ndi awiri, mwini wake akuyesa alipo asanu. Adatchula okalamba amene sangathamange. Adatchula ana atatu a m'chikuta. Aliyense akamva dzina lake ankadzidzimuka, kudabwa kuti mayiyu akumudziwa bwanji. Sadapemphe kuti moto usabwere, paja msipu ndi wofunika kwa onse. Adangopempha kuti udikire mwezi ufe, wina uoneke.

A Njati adawerenga mitu ya kumbuyo kwa a Mfuko, nafika pakati n'kutopa. Adayang'ana dzuwa. Mame anali atauma.

"Kabawi, kaviike chikunicho m'madzi. Kachitsa adikira mwezi wamawa."

Panja pa chipata Gologolo adalandirabe makofi ake, chifukwa nkhomo imodzi idasowa, anali atameza pothamanga. Sadadandaule. Adafika kwawo tsaya lili tupi, naima patsinde pa mtengo. Tiana tija tinkalirabe m'mwamba.

"Mayi wa ana, muli maso?"

"Ndili maso. Kudachitika chiyani kunja? Ndamva chiphokoso m'mawa."

Apo ndiye adamuuza zonse, za moto, za Nungu, za minga inayi, za jekete ya Khwangwala.

"Minga inayi chifukwa cha dzina la phungu?" adafunsa Nangozo ali mkati.

"Dambo lonse silimadziwa."

"Si a Mfuko?"

Gologolo adayang'ana kumphako kuja. "Inu mumadziwa?"

"Nanga mzamba wandichiritsa anawa ndani? Amakwera m'mizu tsiku lililonse kudzawasambitsa, kenako n'kutsanzika kuti akuchedwa ku Bwalo."

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Mudandifunsa? Mumangoti kunja kuli bwino, gonani. Pitani mukatunge madzi, bambo. Mchombo wa wamkuluyu wayamba kugwedera."

Gologolo adanyamula mtsuko, akutsimphina miyendo yonse iwiri, napita kukatunga.

Yathera pamenepa. Amene wawotcha kanthu pamoto akaphule yekha, ine manja anga adapsa kale pozimitsa phiri.